Kubadwa ndi Kufa kwa Skype: M'mene Mawu Ayendera pa Intaneti

Pa 5 Meyi 2025 kampani ya Microsoft inatseka pulogalamu yotchedwa Skype, imene kwa zaka pafupifupi 22 inathandiza anthu kulankhula ndi abale awo a kutsidya kwa nyanja popanda bilu ya lamya. Ambiri a ife m'sukulu muno sitinaigwiritsepo, pakuti ife tinapeza WhatsApp itafika kale. Koma aphunzitsi athu ena aikumbukira bwino. Chodabwitsa n'chakuti Skype inafa pa nthawi imene anthu akuimbirana pa intaneti kuposa kale lonse, m'mabanja ndi m'maofesi momwe. Tsono, anzanga ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, tiyeni tione zinthu zitatu: m'mene mawu ayendera pa intaneti, chifukwa chake kuimba kotere kuli kotchipa, ndi chimene chinachititsa kuti amene anatsegula njira atsale m'mbuyo. Nkhaniyi itikhudza, pakuti posachedwapa tidzatuluka muno kukafuna ntchito, ndipo ena a ife mayeso awo oyamba olowera ntchito adzachitikira pa lamya yotereyi.

Lamya ya kale

Lamya inayamba m'chaka cha 1876, pamene Alexander Graham Bell analandira chikalata cha boma la America chotsimikiza kuti makinawo ndi nzeru yake. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 100, lamulo la lamya linali limodzi: anthu awiri akafuna kulankhulana, payenera kukhala njira yochokera kwa mmodzi kufika kwa mnzake, ndipo njirayo ikhale ya iwo okha kufikira atamaliza. Poyamba ntchito yolumikiza mawaya inali ya anthu. Munthu ankanyamula lamya nauza opareta nambala imene afuna, ndipo opareta ankasomeka chingwe m'bowo loyenera. Pambuyo pake makina analowa m'malo mwa opareta, koma lamulo lija silinasinthe.

Taganizani chimene chichitika anthu awiri akamacheza. Mmodzi akamalankhula, mnzake amangomvetsera, ndipo nthawi zina onse awiri amakhala duu, kuganiza chonena. Komabe njira yonse, kuyambira uko kufika kuno, yagwidwa ndi awiriwo, ndipo palibe wina angadutsemo. Mtunda ukatalika, njira yogwidwayo italikanso, mtengo nukwera. Ndicho chifukwa chake bilu ya lamya inkawerengedwa ndi zinthu ziwiri, mphindi ndi mtunda.

M'chaka cha 1927, pamene anthu anayamba kuimbirana pakati pa New York ndi London kudzera pa wailesi, mphindi 3 zinkadya madola 75, ndalama yochuluka zedi masiku amenewo. Chingwe choyamba cha lamya chodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic chinatsegulidwa mu 1956, kuchokera ku Scotland kufika ku Newfoundland, ndipo chinkanyamula makambirano 36 okha pa nthawi imodzi. Munthu wa 37 anayenera kudikira. Motero sitidabwa kuti agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia sankaganizako za lamya. Iwo ankalemba kalata, kapena kutuma mawu kwa mnzawo wobwerera kumudzi, ndipo uthenga wa maliro kawirikawiri unkawapeza mwambo utatha kale.

Nzeru ya timatumba

M'zaka za m'ma 1960 anthu awiri, aliyense payekha, anatulukira njira ina yotumizira uthenga. Mmodzi anali Paul Baran wa ku America, winayo Donald Davies wa ku Britain. Nzeru yawo tingaimve bwino ndi fanizo ili.

Tiyerekeze kuti mlimi wa ku Mchinji afuna kutumiza matumba 50 a mtedza ku Limbe. Akatsata lamulo la lamya ya kale, ayenera kupempha kuti msewu wonse utsekedwe, galimoto zina zonse ziime, kufikira katundu wake atafika. Koma pali njira ina. Iye alembe pa thumba lililonse dzina la wolandira, kumene likupita, ndi nambala yake, kuyambira 1 kufika 50. Kenaka aike thumba lililonse pa lole iliyonse imene ili ndi malo. Matumba ena adzadutsa ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena adzazungulira ku Salima, ndipo thumba la 12 likhoza kufika la 9 lisanafike. Wolandira ku Limbe angoyang'ana manambala nawaika matumbawo mu mzere wake. Msewu sunatsekedwe, ndipo alimi ena zikwi zambiri atumiza katundu wawo pa malole omwewo.

Umu ndimo intaneti igwirira ntchito. Uthenga uliwonse, kaya ndi kalata, chithunzi kapena mawu, udulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo Davies ndiye anatipatsa dzina lakuti mapaketi. Netiweki yoyamba yaikulu ya mtundu umenewu, yotchedwa ARPANET, inayamba ku America mu 1969, ndipo mu 1974 akatswiri anayesa kutumizapo mawu a munthu, nazitheka. Koma panapita zaka zambiri anthu wamba asanalawe zimenezi. Mu 1995 kampani ya ku Israel yotchedwa VocalTec inayamba kugulitsa pulogalamu yoimbira pa intaneti. Koma makompyuta a nthawiyo anali ofooka, intaneti inali yochedwa, ndipo mawu ankamveka modukaduka.

M'mene mawu asandukira manambala

Mwina wina adzafunsa kuti, kodi mawu a munthu, amene sagwirika, angalowe bwanji m'thumba? Yankho lake tinaliyamba kale m'phunziro la sayansi. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni ya m'foni imamva kunjenjemerako nikusandutsa mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika. Makina amayeza mphamvuyo kawirikawiri, ndipo muyeso uliwonse aulemba ngati nambala. Pa lamya wamba muyesowu uchitika ka 8,000 pa sekondi imodzi. Mapulogalamu a masiku ano amayeza kochuluka koposa apo, n'chifukwa chake mawu a pa intaneti, netiweki ikakhala bwino, amamveka oyera kuposa a pa lamya ya kale.

Manambala amenewa ndi ochuluka, choncho pulogalamu imawapanikiza. Imataya zimene khutu la munthu silingazimve, ndipo munthu akakhala chete imatumiza zochepa kwambiri. Kenaka imadula mawuwo, kawirikawiri sekondi imodzi kukhala tizidutswa 50, niika kachidutswa kalikonse m'paketi yokhala ndi keyala ndi nambala. Okonda masamu awerenge: mapaketi 50 pa sekondi, masekondi 60 pa mphindi, ndiye kuti kucheza kwa mphindi 10 kutulutsa mapaketi 30,000 kuchokera mbali imodzi yokha. Foni ya wolandira imawaika mu mzere, nibweza manambala kukhala magetsi, ndipo sipika imagwedeza mpweya monga m'mene pakamwa pa woimba panaugwedezera.

Apa ndipo pagona chinsinsi cha kutchipa. Netiweki sidziwa kuti paketi iyi ndi mawu a mayi kwa mwana wake, iyo ndi chithunzi cha mpira; kwa iyo onse ndi matumba. Palibe njira imene yatsekedwa chifukwa cha inu, choncho palibe amene akulipiritsani mtunda. Mulipira kulemera kwa katundu, kumene timati data. Mphindi imodzi ya mawu okha kawirikawiri sifika megabayiti imodzi, kaya mukulankhula ndi wa m'chipinda chinacho kapena wa ku London. Mukatsegula kamera, katunduyo alemera kangapo, ndipo bandulo itha msanga.

Mdani wamkulu ndiye kuchedwa

Pali kusiyana kumodzi pakati pa mtedza ndi mawu. Thumba la mtedza likachedwa tsiku limodzi palibe chovuta. Chimodzimodzinso paketi ya chithunzi ikatayika pa njira, makina amapempha kuti itumizidwenso, ndipo ife sitidziwa n'komwe. Koma mawu sadikira. Paketi imene yafika nthawi yake itapita ilibenso ntchito. Choncho pulogalamu imasunga mapaketi kanthawi kochepa kuti ochedwa pang'ono apeze anzawo. Amene sanafikebe iwasiya, nitseka mpatawo ndi mawu ongoyerekeza. Otayikawo akachuluka, ndi pamene mnzanu amveka ngati akulankhulira m'madzi.

Bungwe la International Telecommunication Union, limene likulu lake lili ku Geneva, linalangiza kuti kucheza kumayenda bwino ngati mawu afika kwa womva pasanathe mamilisekondi 150, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a sekondi. Nthawi ikapitirira kwambiri apo, anthu amayamba kudulana mawu, aliyense poganiza kuti mnzake wamaliza.

Nanga zitheka bwanji pa mtunda wautali chotere? Mapaketi ambiri amayenda ngati kuwala m'zingwe za galasi zopyapyala ngati tsitsi, ndipo m'galasimo kuwala kuthamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Dziko lathu silifika ku nyanja yamchere, choncho zingwe zathu zimadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kukakumana ndi zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimene zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Ngakhale njira itatalika makilomita 15,000, kuwala kuimaliza pasanathe gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Koma mawu odzera pa setilaiti za mtundu wakale, zokhala makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, amataya kotala ya sekondi pongokwera ndi kutsika. Zingwe za pansi pa nyanja ndizo zinachititsa kuti kuimba pa intaneti kukhale chinthu chotheka kwa ife kuno.

Kubadwa kwa Skype

Skype inatuluka mu Ogasiti 2003. Eni ake anali Niklas Zennström wa ku Sweden ndi Janus Friis wa ku Denmark, koma amene analemba pulogalamuyo anali akatswiri a ku Estonia, dziko laling'ono la kumpoto kwa Ulaya. Ena mwa iwo anali Ahti Heinla, Priit Kasesalu ndi Jaan Tallinn. Anthu omwewa anali atapanga kale Kazaa, pulogalamu imene anthu ankagawirana nyimbo kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake, ndipo nzeru yomweyo ndiyo anaibweretsa ku lamya.

Makampani ena akadamanga nyumba zodzaza makina kuti mawu onse azidutsamo. A Skype anachenjera: anachititsa makompyuta a ogwiritsa ntchito omwewo kunyamula katundu. Kompyuta imene inali yamphamvu ndiponso yokhala ndi intaneti yabwino inkasankhidwa kukhala ngati mfumu ya mudzi, yodziwa kumene anthu ena ali ndi kuwalumikiza. Anthu akachuluka, onyamula ankachulukanso, ndipo kampani inkawononga ndalama zochepa. Motero inatha kulola kuti kuimbirana kwa a Skype okhaokha kukhale kwaulere. Mu 2004 inayamba kugulitsa mayunitsi oimbira pa nambala za lamya wamba pa mtengo wotsika, ndipo kumapeto kwa 2005 inawonjezera kamera, kuti anthu azionana nkhope.

Mbiri yake inawanda ngati moto wa m'tchire. Ophunzira a kunja ankaonetsa makolo awo zipinda zimene akugonamo, agogo ankaona zidzukulu zobadwira kutali, ndipo olankhula Chingerezi anasandutsa dzina la Skype kukhala mneni wotanthauza kuimba moonana. Mu 2005 kampani ya eBay inaigula ndi madola 2.6 biliyoni, ndipo mu 2011 Microsoft inaigula ndi madola 8.5 biliyoni. Komabe nyumba yomangidwa pa makompyuta a anthu ena inali ndi ming'alu yake. Mu Ogasiti 2007 Skype inaleka kugwira ntchito pafupifupi masiku awiri, ndipo mu Disembala 2010 inagwanso pafupifupi tsiku lathunthu, pamene makompyuta ambiri otsogolera aja anazima pamodzi.

Foni ya m'manja ilanda mabanja

Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Skype inapangidwira kompyuta ya pa tebulo, yosomekedwa ku magetsi tsiku lonse. Koma kuyambira 2007, pamene iPhone inatuluka, ndi mafoni a Android pambuyo pake, anthu anasamukira ku foni ya m'thumba. Foni yotere singanyamule katundu wa ena, pakuti batire yake ingathe msanga, ndipo netiweki yake imabwera ndi kupita. Kuyambira 2012 Microsoft inayamba kusamutsa ntchito ya Skype kuichotsa pa makompyuta a anthu kuiika pa makina ake akuluakulu. Kusamukaku kunatenga zaka, ndipo m'zaka zimenezo ogwiritsa ntchito ankadandaula za mauthenga ochedwa ndi mafoni osalira.

M'menemo n'kuti ena atabadwira m'foni momwemo. Apple inatulutsa FaceTime mu 2010, Viber inayamba chaka chomwecho, ndipo WhatsApp, imene Jan Koum ndi Brian Acton anaiyamba mu 2009, inawonjezera kuimba kwa mawu mu 2015 ndi kwa kamera mu 2016. WhatsApp inapambana ndi kanthu kooneka kakang'ono. Pa Skype munthu anayenera kudzipangira dzina ndi mawu achinsinsi, kenaka kufunsa anzake mayina awo mmodzimmodzi. Pa WhatsApp nambala ya foni ndiyo dzina, ndipo aliyense amene ali m'buku la manambala amangoonekera yekha. Gogo wosadziwa kulemba Chingerezi akhoza kudina chithunzi cha mwana wake naimba. Kuno kwathu makampani a TNM ndi Airtel anayambanso kugulitsa mabandulo a WhatsApp, ndipo munthu wa ku Johannesburg tsopano amva za maliro a kumudzi tsiku lomwelo, nalankhula ndi anamfedwa.

Mu 2017 Microsoft inayesa kukopa achinyamata posintha maonekedwe a Skype ndi mitundu yowala ndi zoseweretsa zina. Achinyamata sanabwere, ndipo akale anakwiya, kotero kuti mu 2018 zina mwa zatsopanozo zinachotsedwa.

Chimene maofesi afuna

Tsono titembenukire ku malo a ntchito. Kale ofesi yaikulu inkakhala ndi makina ake olumikizira lamya, munthu wolandira mafoni pakhomo, ndi waya wopita pa tebulo lililonse. Kalaliki akasamukira m'chipinda china, ankaitana mmisiri kudzasuntha waya. Lamya itayamba kuyenda ngati mapaketi, maofesi anaona phindu msanga. Chingwe chimodzi chinkanyamula za kompyuta ndi za lamya. Nthambi za kampani za m'mizinda yosiyana zinkaimbirana popanda bilu. Ndipo nambala inayamba kutsata munthu kulikonse kumene wakhala, ngakhale kunyumba kwake.

Koma ofesi ifuna zambiri kuposa kuimba. Bwana afuna kuti wantchito akachoka, khomo litsekedwe tsiku lomwelo, asatenge zinsinsi za kampani. Afuna kuti zokambirana zisungidwe, kuti msonkhano ulembedwe pa kalendala ya aliyense, ndi kuti chikalata chimene akukambirana chikhale pomwepo, onse achione nachikonze pamodzi. Skype ya anthu wamba sinapangidwire zimenezi. Mu 2015 Microsoft inatenga pulogalamu yake ya maofesi yotchedwa Lync niitcha Skype for Business. Koma ngakhale dzina linafanana, mkati zinali zinthu ziwiri zosiyana.

Pa nthawi yomweyo kampani yaing'ono yotchedwa Slack, imene inatulutsa pulogalamu yake mu 2013, inkakopa maofesi ndi malo amodzi olemberana mauthenga m'magulu. Poyankha, Microsoft inatulutsa Teams mu 2017, niiphatikiza pamodzi ndi Word, Excel ndi Outlook m'mtolo umene makampani ankalipira kale. Bwana wosunga chuma sanafunikire kugula china chatsopano. Anangopeza kuti Teams ali nayo. A Slack anakadandaula ku European Commission mu 2020 kuti mpikisano wotere si wachilungamo, ndipo mu 2023 Microsoft inayamba kugulitsa Teams payokha ku Ulaya. Koma pofika nthawiyo maofesi anali atazolowera. Skype for Business ya pa intaneti inatsekedwa pa 31 Julayi 2021. Onani kuti amene anachotsa Skype m'maofesi ndi mwini wake yemwe.

Chaka cha mliri

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mu Malichi 2020 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo m'milungu yochepa maofesi, masukulu ndi matchalitchi a m'maiko ambiri anatsekedwa. Anthu anafuna njira yosonkhanira ambiri nthawi imodzi, aliyense ali kwake. Akadafunsidwa zaka 10 m'mbuyomo, onse akadatchula Skype. Koma dzina limene linamveka paliponse linali Zoom.

Zoom inayambitsidwa mu 2011 ndi Eric Yuan, amene kale ankagwira ntchito ya misonkhano ya pa intaneti ku Webex ndi ku Cisco. Ubwino wake unali kuphweka. Woitanitsa msonkhano ankatumiza linki, ndipo woitanidwa ankangodina nalowa, osalembetsa dzina. Nkhope zambiri zinkaoneka pamodzi, ndipo msonkhano wa mphindi 40 unali waulere. Kampaniyo inanena kuti olowa m'misonkhano pa tsiku anali 10 miliyoni mu Disembala 2019, ndipo pofika Epulo 2020 anakwana 300 miliyoni. Tidziwe kuti pa chiwerengero chimenechi munthu wolowa misonkhano itatu awerengedwa katatu. Komabe kukwerako n'kodabwitsa. M'mwezi womwewo Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, imene kwa zaka mazana ambiri inkafuna kuti aphungu afike ndi thupi, inalola aphungu kufunsa mafunso kudzera pa Zoom. Teams nayo inafika anthu 75 miliyoni pa tsiku mu Epulo 2020, ndipo Google inatsegula Meet kuti aliyense aigwiritse mwaulere.

Nanga Skype? Mu Malichi 2020 Microsoft inati anthu 40 miliyoni ankaigwiritsa pa tsiku, ndipo mu 2023 inatchula 36 miliyoni, chaka chomwe Teams inafika anthu 320 miliyoni pa mwezi. Pa 28 Febuluwale 2025 kampaniyo inalengeza kuti itseka Skype, niuza anthu kuti asamukire ku Teams kapena atenge mauthenga awo akale. Amene anamva kuwawa kwambiri ndi aja ankaigwiritsa poimbira makolo okalamba pa nambala za lamya wamba, pakuti mapulogalamu ambiri aulere sachita zimenezo.

Tikaunjika zonsezi pamodzi tiona chinthu chimodzi. Nzeru yotumiza mawu m'mapaketi itadziwika, aliyense anatha kuichita, ndipo kuimba pakokha kunaleka kukhala malonda. Mabanja anasankha pulogalamu imene inali kale m'foni pamodzi ndi manambala a abale. Maofesi anasankha imene inali pamodzi ndi zikalata ndi kalendala. Misonkhano yadzidzidzi inasankha imene khomo lake linali losavuta kulowa. Skype inatsala pakati, yopanda bwalo lakelake.

Walira mvula walira matope

Tisaganize kuti lamya yatsopanoyi ilibe zovuta. Choyamba ndi magetsi. Lamya ya kale ya waya inkalandira mphamvu kuchokera ku nyumba ya makina, choncho inkalira ngakhale m'nyumba muli mdima. Ya pa intaneti imafa magetsi akazima, pokhapokha pali batire. Ku Britain, kumene kampani ya BT inalengeza kuti idzatseka lamya za mtundu wakale pofika Januwale 2027, anthu akhala akuda nkhawa za okalamba amene amadalira lamya poitana thandizo. Komanso mapulogalamu ngati WhatsApp saimba nambala za apolisi kapena za ambulansi.

Chachiwiri ndi chitetezo. Mu 2020 anthu achipongwe ankalowerera m'misonkhano ya Zoom, ngakhale m'makalasi a ana, natukwana, chifukwa malinki ankaikidwa poyera. Kampaniyo inakhazikitsa mawu achinsinsi ndi chipinda chodikirira kuti mwini msonkhano aziona amene akulowa. Akuba nawonso apeza mwayi, pakuti pa intaneti n'kosavuta kuimba kuchokera kutali ndi nambala yooneka ngati yapafupi.

Chachitatu, si maboma onse anakondwera, pakuti makampani a lamya ankataya ndalama za mafoni a kunja. Dziko la Morocco linatseka kuimba kwa pa Skype, WhatsApp ndi Viber kumayambiriro kwa 2016, ndipo linatsegulanso kumapeto kwa chaka chomwecho anthu atadandaula kwambiri.

Chachinayi chili pafupi ndi ife. Masukulu a m'dziko muno atatsekedwa mu Malichi 2020, ana a m'mabanja okhala ndi foni yabwino, magetsi ndi ndalama ya bandulo anapitiriza kumva aphunzitsi. Anzathu ambiri a kumidzi anangokhala. Mtunda unaleka kukhala chotchinga, koma umphawi ukadali chotchinga.

Phunziro kwa ife

Anzanga, mayina a mapulogalamu amabwera napita. Amene anaphunzira kudina mabatani a Skype okha, lero ayambanso. Koma amene amvetsa za mapaketi, za kuchedwa ndi za kulemera kwa data adzadziwa chochita pa pulogalamu iliyonse. Netiweki ikafooka, iye adzazima kamera kuti mawu adutse. Adzayesa maikolofoni yake nthawi isanakwane, nakhala pamalo opanda phokoso, kuwala kukumuomba kumaso osati kumsana. Mu msonkhano adzatseka maikolofoni pamene sakulankhula, ndipo mnzake akamaliza adzadikira pang'ono asanayankhe, podziwa kuti mawu ena akadali pa njira. Sadzaika linki ya msonkhano poyera, ndipo sadzatumiza ndalama kwa munthu chifukwa chongomva mawu ofanana ndi a m'bale wake. Adzayamba waimba pa nambala imene aidziwa. Manambala ofunika adzawalembanso m'kope, pakuti taona kuti ngakhale pulogalamu yogulidwa ndi madola 8.5 biliyoni ikhoza kutsekedwa.

Ndipo tisaiwale ulemu. Munthu wamkulu akaoneka pa galasi la foni akadali wamkulu. Timpatse moni monga mwa mwambo, tivale bwino, tisamdule mawu. Aphunzitsi athu tikuwapempha kuti, ngati kutheka, bungwe lathu la mtsutso liyese tsiku lina kuchita mtsutso ndi sukulu ina kudzera pa lamya yotere, kuti tizolowere tisanakumane nayo pamaso pa olemba ntchito. Amene ali ndi mafunso pa za mafunde a mawu ndi magetsi apite nawo kwa aphunzitsi a sayansi, pakuti safunsa anadya phula.

Wophunzira wa mu Fomu 4